Kukonza pulani ya malo limodzi ndi khonsolo yoyandikana nayo: malangizo a ku Harare ndi madera ozungulira

Anthu a mu Harare, likulu la Zimbabwe, amamwa madzi amene iwo eni ataya. Mzindawu uli kumtunda, nyanja za Chivero ndi Manyame zili kumunsi kwake, ndipo mitsinje ya Mukuvisi, Marimba, Ruwa ndi Nyatsime imakokolola zonse za m'misewu ndi m'mapaipi ophulika a suweji n'kukazithira komwe madzi akumwa amapopedwa. Pakati pa gwero la mitsinjeyi ndi mpopi wa kunyumba kwanu pali makhonsolo ambiri: Harare, Chitungwiza, Epworth, Ruwa ndi Norton, kuphatikizapo makhonsolo a kumidzi monga Goromonzi, Manyame, Zvimba ndi Mazowe. Ena ali m'chigawo cha Harare, ena ku Mashonaland East, West ndi Central. Aliyense ali ndi ofesi yake ya mapulani, chidindo chake ndi bajeti yake. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare chokha, osawerengera a ku Ruwa, Norton ndi Domboshava amene amalawirira m'mawa uliwonse kudzagwira ntchito m'tauni.

Malangizowa ndi a makhansala, ogwira ntchito m'maofesi a mapulani, atsogoleri a mabungwe a anthu okhala m'malokeshoni, makomiti a makopaletivi a nyumba, ndi aliyense amene puloti yake ili pafupi ndi malire a makhonsolo awiri. Mfundo yake ndi imodzi: mgwirizano wa makhonsolo umagwira ntchito pokhapokha ukamangidwa pa mapu amodzi, pa ndalama zolembedwa mu bajeti, ndi pa lamulo loti wina asadinde chilolezo cha m'malire mnzake asanachione.

Yambani ndi kudziwa mwini malo ndi wolamulira malo

Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mikangano yambiri ya m'malire imabadwira posazisiyanitsa. Khonsolo ikhoza kukhala ndi umwini wa munda umene uli m'dera la khonsolo ina. Zikatero, mwini malo ndi wina, wopereka chilolezo chomangira ndi wotolera misonkho ndi winanso. Nkhani ya Nyatsime, kutsidya kwa mtsinje kuchokera ku Chitungwiza, ndi chitsanzo chodziwika: mapuloti anagulitsidwa ndi khonsolo ya Chitungwiza pa malo amene ali m'dera la khonsolo ya Manyame, ndipo panafunika komiti ya makhonsolo onse awiri kuti nkhaniyi iyambe kuunikidwa. Ku Caledonia, kum'mawa kwa Tafara, kumene anthu anayamba kudzazana boma litagwetsa nyumba zambiri m'matauni pa Murambatsvina wa 2005, anthu akhala zaka zambiri osadziwa bwinobwino ngati madandaulo awo apite ku Harare kapena ku Goromonzi.

Choncho ntchito yoyamba ndi kulemba kaundula wa munda uliwonse ndi chigawo chilichonse cha malo m'mbali mwa malire. Pa malo aliwonse lembani zinthu zinayi: dzina ndi nambala yake monga zilili ku ofesi ya Surveyor-General, mwini wake monga zilili ku Deeds Office, khonsolo imene ili ndi ulamuliro malinga ndi chilengezo cha mu Gazette (nyuzipepala ya zilengezo za boma), ndi chimene chili pamalopo lero mukapita kukaona ndi maso. Mupeza mitundu inayi ya malo: a khonsolo, a boma, a munthu kapena kampani yokhala ndi title deed (chikalata cha umwini wa malo), ndi malo a kumudzi a pansi pa Communal Land Act monga a ku Seke ndi Domboshava. Malo a kumudzi amenewa sagulitsidwa mwalamulo. Kapepala kosainidwa ndi sabhuku (nyakwawa ya mudzi), ngakhale kakhale ndi chidindo chofiira, sikapatsa munthu umwini, ndipo khonsolo ya kumudzi ndiyo ili ndi mphamvu yovomereza wokhala pamalopo mogwirizana ndi mfumu ya deralo. Malire a khonsolo nawonso sasuntha chifukwa nyumba zafika pamenepo kapena chifukwa khansala walonjeza pa msonkhano. Amasunthidwa ndi chilengezo cha Pulezidenti chosindikizidwa mu Gazette. Ngati chilengezo mulibe m'manja, gwiritsani ntchito malire akale.

Mapu amodzi, osati awiri olumikiza ndi selotepi

Gawoli limaoneka laling'ono koma ndi limene limawonongetsa ndalama zambiri. Mapu akale a masaveya m'dziko muno anajambulidwa pa muyeso wa Lo, pamene GPS ya mu foni ndi zithunzi za pa intaneti zimayendera muyeso wina wotchedwa WGS84. Mukaika mapu a mitundu iwiriyi pamodzi osawasintha kuti agwirizane, mzere umodzimodzi ukhoza kusiyana ndi mamita mazana angapo. Pa pepala kusiyanaku kumangooneka ngati kunenepa kwa mzere wa pensulo, koma pansi ndi mizere ingapo ya nyumba, kapena msewu wa khonsolo ina wokathera pa khoma la sukulu ya khonsolo inzake.

Gwirizanani muyeso umodzi pa msonkhano woyamba wa akatswiri ndipo muulembe m'maminitsi. Kenako tumizani saveya wovomerezeka, limodzi ndi nthumwi ya khonsolo iliyonse, kukapeza mabikoni enieni a m'malire. Bikoni nthawi zambiri ndi kachitsulo kozikidwa mu simenti, kobisika mu udzu kapena kokwiriridwa ndi dothi la munda wa chimanga. Lililonse lijambulidwe chithunzi, liyezedwe, ndipo onse amene alipo asaine. Limene lazulidwa libwezeretsedwe ndi saveya yekha, osati ndi kapitawo wa khonsolo.

Pa mapu amodziwo muike zinthu izi motsatana: malire, mitsinje ndi madambo, mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, mapaipi akuluakulu a madzi ndi a suweji pamodzi ndi kukula kwake, mawaya akuluakulu a magetsi ndi njira zake, misewu ndi malo osungidwira misewu ya mtsogolo, mapulani onse a mapuloti ovomerezedwa, ndipo pomalizira nyumba zimene zamangidwa popanda chilolezo. Zomalizazi musazibise poopa manyazi. Anthu a m'nyumbazo amatunga madzi, amapita kuchimbudzi ndipo amakwera makombi mofanana ndi onse.

Sankhani nkhani zochepa, ndipo madzi akhale patsogolo

Makomiti ambiri amafa chifukwa chofuna kusenza zonse nthawi imodzi. Sankhani nkhani zitatu kapena zinayi zimene khonsolo imodzi singathe kuzithetsa yokha. Kuno ku Harare yoyamba ndi madzi ndi suweji, palibe kutsutsana.

Harare ndiye amayeretsa madzi ku Morton Jaffray ndi ku Prince Edward n'kugawirako Chitungwiza, Epworth, Ruwa ndi Norton. Morton Jaffray anamangidwa kuti azitulutsa malita pafupifupi 614 miliyoni pa tsiku ndipo Prince Edward pafupifupi 90 miliyoni, koma kwa zaka zambiri madzi otuluka akhala ochepa kwambiri kuyerekeza ndi ziwerengerozi, ndipo madamu a Seke ndi Harava amene amadyetsa Prince Edward amaphwa chilimwe chikakula. Damu la Chivero linamangidwa mu 1952 ndipo la Manyame mu 1976, nthawi imene mzinda unali waung'ono. Damu la Kunzvi, limene likuyembekezeka kudzathandiza mbali ya kum'mawa, lili m'boma la Goromonzi, ndiye kuti paipi yake idzadutsa m'dera la khonsolo ina isanafike mu Harare. Njira ya paipi yoteroyo iyenera kusungidwa pa mapu a makhonsolo onse lero, anthu asanamangepo.

Khonsolo iliyonse isanavomereze mapuloti atsopano pafupi ndi malire, pachitike masamu awa pamaso pa onse. Tiyerekeze kuti pali pulani ya mapuloti 4,000. Musawerengere banja limodzi pa puloti, chifukwa m'malokeshoni athu nyumba imodzi imakhala ndi eni ake ndi mabanja a lendi. Mukaika anthu 7 pa puloti, ndi anthu 28,000. Munthu aliyense mukamupatsa malita 80 pa tsiku, pakufunika malita 2.2 miliyoni tsiku lililonse, musanawonjezere sukulu, chipatala, msika ndi madzi otayika m'mapaipi odontha. Mwa madzi olowa m'nyumba, pafupifupi magawo 8 pa 10 amatuluka ngati suweji, kutanthauza malita pafupifupi 1.8 miliyoni pa tsiku. Funso ndi lakuti madziwa achokera thanki iti, ndipo suwejiyo ikathera kuti? Yankho likhale kalata yosainidwa ndi injiniya wa khonsolo imene ili ndi thankiyo kapena malo oyeretsera suwejiwo, yonena kuchuluka kumene angalandire ndi chaka chimene angayambe. Mawu apakamwa oti "tidzaona" asalowe mu fayilo.

Suweji imayenda motsata kutsetsereka kwa nthaka. Malo oyeretsera a Firle ndi Crowborough ndi a Harare, a Zengeza ndi a Chitungwiza, ndipo onse amathira m'chigwa chimodzi. Nthawi zina dera la khonsolo ina limatsetserekera mwachilengedwe ku paipi ya khonsolo yoyandikana nayo. Zikatero, n'kwanzeru kulipira mnzanuyo kuti alandire suwejiyo kusiyana ndi kumanga pampu yoikankhira kumtunda kuti ikhalebe m'dera lanu. Pampu imafuna magetsi usana ndi usiku. Magetsi akazima, chitsime cha pampu chimadzaza m'maola ochepa n'kusefukira mu mtsinje wapafupi. Kolera ya 2008 mpaka 2009, imene inayambira ku Chitungwiza n'kukantha kwambiri Budiriro, inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo ya 2018 inabukanso ku Glen View ndi Budiriro. Kulikonse kumene suweji ikusefukira pafupi ndi zitsime ndi mijigo, mliri woterewu umapeza njira.

Mijigo nayonso ilowe mu mgwirizanowu. Madzi a pansi pa nthaka ndi amodzi mbali zonse za malire, ndipo chilolezo chokumba chimadutsa ku Upper Manyame Sub-Catchment Council. Aitaneni pa tebulo kuyambira pachiyambi pamodzi ndi ZINWA, bungwe la boma loona za madzi.

Nkhani yachiwiri ndi madambo. Dambo limasunga madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo limasefa zonyansa zisanafike mu mtsinje. Monavale, Cleveland Dam, komanso Chivero ndi Manyame ndi malo otetezedwa pansi pa pangano la mayiko loteteza madambo la Ramsar, koma madambo ambiri ang'onoang'ono a m'malire alibe dzina lotchuka lowateteza. Environmental Management Act imaletsa kusokoneza dambo popanda chilolezo cha EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo malamulo amaletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje. Vuto la m'malire ndi loti khonsolo ina imalemba dambo kuti ndi malo osamangapo, inzake kutsidya n'kudula mapuloti pa dambo lomwelo. Madzi saiwala khwawa: nyumba za kumtunda zikatseka njira yake, amakasefukira m'nyumba za kumunsi, za khonsolo imene sinalakwe. Malire a dambo ayezedwe m'nyengo ya mvula, Januwale kapena Febuluwale. Mu Okutobala dambo limaoneka ngati bwalo louma labwino kumangapo, ndipo ogulitsa malo mwachinyengo amadziwa mwezi woonetsa ogula. Zizindikiro zake n'zosavuta: dothi lakuda lomata limene limang'ambika likauma, udzu wa m'madzi, ndi kusowa kwa mitengo ikuluikulu pakati pake.

Nkhani yachitatu ikhoza kukhala misewu. Seke Road, msewu wa ku Mutare wodutsa ku Ruwa, ndi wa ku Bulawayo wopita ku Norton imanyamula anthu ogona m'khonsolo ina n'kumagwira ntchito mu ina. Chofunika kugwirizana ndi m'lifupi mwa malo osungidwira msewu pamene ukudutsa malire, malo a masiteshoni a makombi ndi mabasi, ndi milatho. Ku Mt Hampden, kumene kuli nyumba yatsopano ya malamulo m'boma la Zvimba, kumanga kwayamba kale kukoka misewu ndi mapuloti kulowera kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, ndipo mbali imeneyo ikufunika mgwirizano wotere mwamsanga. Mtaya wa zinyalala ndi manda mungaziike pa mndandanda ngati malo a khonsolo imodzi atha.

Komiti yokhala ndi mano

Malamulo alipo kale. Regional, Town and Country Planning Act imalamula khonsolo imene ikukonza master plan (pulani yaikulu ya dera lake) kufunsa makhonsolo oyandikana nayo, ndipo imalola kuti madera angapo akhale ndi pulani imodzi. Pulani yaikulu ya Harare ya 1993 inali yoteroyo, yophatikiza mzinda ndi madera ozungulira. Urban Councils Act ndi Rural District Councils Act zimalola makhonsolo kupangana ndi kukhazikitsa makomiti a limodzi. Mu Novembala 2023 Pulezidenti Mnangagwa analamula makhonsolo onse 92 kuti akhale ndi mapulani aakulu pofika pa 30 Juni 2024. Nthawiyo inali yochepa, ndipo khonsolo iliyonse inathamanga ndi akatswiri ake. Choncho ntchito yoyamba ya komiti ndi kuyala mapulaniwa pa tebulo limodzi n'kuona pamene akusemphana m'malire: mbali ino mafakitale, mbali inayo nyumba zogona, kapena mbali ino msewu waukulu, mbali inayo sukulu.

Pokhazikitsa komitiyi tsatani ndondomeko iyi. Khonsolo iliyonse ipereke chigamulo pa msonkhano wa makhansala onse, chokhala ndi mawu ofanana ndendende ndi cha inzake. Chigamulocho chitchule dera lokhudzidwa pomata mapu, nkhani zimene komiti idzagwire, mphamvu zimene yapatsidwa, ndi ndalama za chaka choyamba. Mgwirizano wosainidwa ndi mameya okha pamaso pa atolankhani, wopanda chigamulo cha khonsolo, sumanga aliyense.

Pakhale magulu awiri. La makhansala, nthumwi zofanana chiwerengero kuchokera ku khonsolo iliyonse, likumane kamodzi pa miyezi itatu ndipo wapampando azisinthana chaka ndi chaka. Nthumwi zikhale zofanana ngakhale Harare ndi wamkulu kuposa onse, chifukwa Epworth kapena Ruwa akaona kuti mavoti awo ndi ongokometsera, amasiya kubwera. La akatswiri, lokhala ndi oona za mapulani, mainjiniya, a zaumoyo ndi asungichuma, likumane mwezi uliwonse. M'gululi muitanenso dipatimenti yoona za mapulani ya ku unduna wa maboma ang'onoang'ono, EMA, a magetsi ndi a misewu. Kumene kuli malo a kumudzi, mfumu ya deralo ikhale ndi mpando wake. Musankhe ofesi imodzi yosunga maminitsi ndi mapu, ndipo mutchule udindo wa munthu woyankha, osati dzina lake, popeza anthu amasamutsidwa.

Lamba wa m'malire

Apa ndi pamene mgwirizano umayamba kugwira tsiku ndi tsiku. Jambulani lamba wotsata malire, mwachitsanzo makilomita awiri mbali iliyonse, ndipo muwonjezere dera lonse limene madzi ake amatsetserekera kwa mnzanu ngakhale lili kutali kuposa pamenepo. Mkati mwa lambayu, pempho lililonse lalikulu litumizidwe kwa khonsolo inayo lisanavomerezedwe. Gwirizanani tanthauzo la "lalikulu" ndi manambala: mwachitsanzo kudula mapuloti oposa 50, kusintha ntchito ya malo oposa mahekitala 5, fakitale iliyonse yotulutsa madzi oipa, malo omwetsera mafuta, kapena chilichonse chokhudza dambo. Khonsolo yolandira ipatsidwe masiku 30 oyankha molemba. Ikakhala chete, iwerengedwe kuti yavomera, apo ayi fayilo idzagona mu kabati miyezi isanu ndi umodzi. Ikakana, ipereke zifukwa za ukatswiri, ndipo nkhaniyo ipite ku gulu la akatswiri, kenako la makhansala, kenako kwa nduna ya maboma ang'onoang'ono ngati yakanika.

Sungani buku limodzi la mapempho onse a mu lambayu, lokhala ndi nambala, tsiku lolandira, tsiku loyankha ndi chigamulo, ndipo munthu wamba aziloledwa kuliona. Bukuli ndi limene limatseka mpata wa akuba malo. Komishoni yotsogozedwa ndi Justice Tendai Uchena, imene inafufuza kagulitsidwe ka malo a boma m'matauni kuyambira 2005 n'kupereka lipoti lake mu 2019, inaonetsa kukula kwa vutoli kuzungulira Harare. Akubawa amakonda malo a m'malire chifukwa wogula akapita ku ofesi ina amauzidwa kuti "si kwathu", akapita ku inzake n'chimodzimodzi. Lamulo limaletsa kudula ndi kugulitsa malo popanda chilolezo chogawira. Musanapereke ndalama kwa wina aliyense, pemphani nambala ya chilolezocho ndi pulani ya mapuloti yodindidwa, ndipo mukazitsimikize nokha ku khonsolo imene ili ndi ulamuliro pa malowo.

Ndalama

Misonkho ya nyumba imapita kwa khonsolo imene nyumbayo ili, pamene mtolo wa madzi, suweji ndi msewu umagwera ina. Mgwirizano umene sunena za izi sukhalitsa. Lembani momveka zinthu zitatu. Choyamba, ndalama zoyendetsera komiti ndi kafukufuku zigawidwe potsata chiwerengero cha anthu cha kalembera wa 2022 kapena chiwerengero cha mapuloti, ndipo khonsolo iliyonse iike mzere wake mu bajeti. Chachiwiri, madzi ndi suweji zodutsa malire ziyezedwe ndi mita yaikulu pamalire penipeni, yowerengedwa ndi anthu awiri, mmodzi wa mbali iliyonse, tsiku limodzi mwezi uliwonse, ndipo iziyesedwa chaka ndi chaka ngati ikuwerenga molondola. Ngongole zambiri za pakati pa makhonsolo zimakula chifukwa mita inafa kalekale ndipo bilu imangoyerekezedwa. Chachitatu, womanga mapuloti atsopano alipire gawo la kukulitsa paipi, thanki kapena msewu umene adzagwiritse ntchito, ngakhale zinthuzo zili m'khonsolo ina, ndipo ndalamazo zisungidwe mu akaunti yapadera yosakhudzidwa polipira malipiro a antchito.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 amati maboma a zigawo ndi makhonsolo azipatsidwa ndalama zosachepera 5 peresenti ya ndalama za boma chaka chilichonse. Makhonsolo awiri akhoza kugwirizana kuika gawo la ndalamazi pa ntchito imodzi, monga mlatho kapena paipi yaikulu, m'malo moti aliyense agule galimoto yake.

Anthu amve, ndipo alembe

Pulani yaikulu ikakonzedwa, lamulo limati ionetsedwe kwa anthu miyezi iwiri kuti apereke maganizo ndi zotsutsa isanapite kwa nduna. Pa nkhani za m'malire, ionetsedwe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo misonkhano ichitikire kumene anthu ali, m'holo ya lokeshoni kapena pa sukulu, Loweruka, osati ku Town House, likulu la khonsolo ya Harare, Lachiwiri m'mawa anthu ali pa ntchito. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo aakulu a dziko lino. M'madera monga Epworth, Mabvuku, Tafara, Mufakose, Dzivarasekwa ndi m'mafamu ozungulira Norton muli mabanja ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo agogo ambiri amamva bwino nkhani ya malo ikafotokozedwa m'chilankhulo chawo. Komiti ipeze womasulira.

Kwa inu okhala m'maderawa: kuyankhula pa msonkhano n'kwabwino, koma chimene chimalowa mu fayilo yopita kwa nduna ndi kalata. Lembani dzina la dera, nambala ya tsamba kapena mapu amene mukutsutsa, chifukwa chake, ndi chimene mukufuna chisinthidwe. Pangani makope awiri, imodzi idindidwe tsiku lolandira n'kubwerera nanu. Mabungwe a maliro, mipingo, mizikiti ndi akuluakulu a gule aonetsetse kuti manda akale a m'mafamu alembedwa pa mapu. Manda ambiri a anthu amene ankagwira ntchito m'mafamu alibe miyala yolembedwa, ndipo wojambula pulani pa kompyuta amangoona tchire. Mukapanda kuwalozera, thalakitala idzafika.

Kumene anthu anamanga kale popanda chilolezo, makhonsolo awiriwo agwirizane njira imodzi: ndi nyumba ziti zingakonzedwere mapepala pomwe zilipo, ndi ziti ziyenera kusamuka chifukwa zili pa dambo, pansi pa mawaya a magetsi kapena pamwamba pa paipi yaikulu, ndipo osamukawo apita kuti. Gawo 74 la malamulo aakulu limaletsa kugwetsa nyumba ya munthu popanda chigamulo cha khoti. Kugwetsa mbali imodzi ya malire popanda malo osamukirako kumangokankhira anthu omwewo kutsidya.

Kulowetsa mgwirizano m'mapulani ovomerezeka

Zonse zimene mwagwirizana zilibe mphamvu pa womanga mpaka zitalowa mu master plan kapena local plan (pulani ya dera laling'ono) ya khonsolo iliyonse. Munthu wokanizidwa chilolezo ali ndi ufulu wokadandaula ku Administrative Court, ndipo kumeneko chimene chimayang'anidwa ndi pulani yovomerezeka, osati maminitsi a komiti. Choncho khonsolo iliyonse isinthe pulani yake ndi mawu ofanana ndi mitundu yofanana pa mapu, ndipo zonse zipite kwa nduna nthawi imodzi. Pa dera limodzi lotentha, monga mbali ziwiri za mtsinje kapena za msewu waukulu, n'kosavuta kukonza local plan imodzi yogwiridwa ndi makhonsolo onse awiri kusiyana ndi kudikira kusintha mapulani aakulu. Musaiwale ndondomeko ya boma ya malo okhala anthu ya 2020, imene imafuna kuti 40 peresenti ya malo omangapo nyumba ikhale ya nyumba zosanjikizana. Mafulati amachulukitsa anthu pa hekitala, ndiye masamu a madzi ndi suweji aja achitidwenso ndi chiwerengero chatsopano.

Oyendera nyumba a makhonsolo awiri aziyenda limodzi mu lamba wa m'malire kamodzi pa mwezi, ndi galimoto imodzi ndi fomu imodzi. Maziko okumbidwa pa malo oletsedwa ndi osavuta kuimitsa sabata yoyamba. Nyumba ikafoleredwa ndipo ana alowamo, nkhaniyo imatenga zaka ku khoti.

Kamodzi pa chaka, bajeti isanakonzedwe, gulu la akatswiri lipereke lipoti la masamba ochepa kwa makhonsolo onse: mapempho angati anadutsa mu lamba, angati anayankhidwa m'masiku 30, mahekitala angati a dambo amangidwapo poyerekeza zithunzi za m'mlengalenga za chaka chatha ndi chino, mamita a m'malire akuwerenga chiyani, ndipo ndani ali ndi ngongole kwa mnzake. Chisankho chikachitika n'kubwera makhansala atsopano, msonkhano wawo woyamba wa komiti ya mapulani ulandire fayilo yokhala ndi chigamulo choyambirira, mapu osainidwa, buku la mapempho ndi lipoti lomaliza, ndipo khonsolo isankhe nthumwi zake zatsopano za mu komiti ya limodzi pasanathe miyezi iwiri.